Jakisoni wa exosome wa ku Joni: nditumize ndalama kapena ayi?

Mai a Tadala: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Safunsa anadya phula, ndiye ndati ndifunse. Mayi anga akuvutika ndi nyamakazi ya m'maondo, chino ndi chaka chachitatu. Kuchoka kwa Mponda kukafika pamlatho amapuma kawiri. Tsono msuweni wanga wa ku Joni wanditumizira uthenga kuti kumeneko kuli malo ena akugulitsa jakisoni wotchedwa exosome, akuti bondo limabwerera kukhala ngati la mtsikana. Akuti nditumize ndalama, iye agule timabotolo tiwiri apatsire wa basi, ife tidzapeze wobaya konkuno. Alipo anamvapo zimenezi? Ndalama yake si yamasewera, pakufunika kugulitsa mbuzi.

Achimwene a Kabaza: Bondo la mtsikana? Ndiyambe ndine, angawa atha ndi kupalasa.

Anesi a Kutsidya: Achemwali dikirani kaye, musatumize. Basi yochokera ku Joni imayenda masiku awiri, nthawi zina atatu, kudutsa kutentha kwa ku Tete, kuima pa boda pa Mwanza maola osawerengeka. Chinthu chochokera m'maselo amoyo chikhale pansi pa mpando masiku onsewo? Ineyo pomwepo pandikwana kale. Koma za exosome zenizenizo atiuze mwana wathu wa kukoleji, ndaona ali pa laini.

Wa Kukoleji: Zikomo anesi. Mayi, dzinalo si lopeka. Chinthucho chilipodi, ndipo m'thupi mwanu muli chambirimbiri pomwe mukuwerenga pano. Maselo athu amatulutsa timatumba ting'onoting'ono tokutidwa ndi kachikopa ka mafuta, kofanana ndi chikopa cha selo lomwe tachokera. M'kati mumakhala mapuloteni ndi RNA, imene mungaitenge ngati kalata ya malangizo. Timapezeka m'magazi, mumkodzo, m'malovu, ngakhale mumkaka wa m'mawere. Tilipo tamitundumitundu, exosome ndi mtundu umodzi, kukula kwake ma nanomita 30 mpaka 150. Selo lofiira la magazi, limene a mu labu amaliona akamayeza malungo, ndi ma nanomita oposa 7,000. Ndiye kathumba kamodzi pa makina oonera tizirombo a mu labuwo simungakaone n'komwe.

Aphunzitsi Opuma: Iwe, ine ndaphunzitsa bayoloje zaka zambiri, iwenso unakhalapo kutsogolo kwanga, koma m'buku lathu munalibe zimenezi. Zatulukira liti?

Wa Kukoleji: Aphunzitsi, kale ankati ndi zinyalala, n'chifukwa chake mabuku sankazilabadira. Mu 1967 Peter Wolf wa ku England anationa m'magazi n'kungotitcha fumbi. Mu 1983 Rose Johnstone wa ku Montreal, akufufuza magazi a nkhosa, anapeza kuti maselo ofiira akamakhwima amataya mapuloteni amene sakuwafunanso powakulunga m'timatumba timeneti. Dzina la exosome analilemba ndi iyeyo mu 1987. Zinthu zinatembenuka mu 2007 ku Gothenburg, dziko la Sweden, pamene gulu la Jan Lötvall linatenga timatumba ta maselo a mbewa n'kutiika pa maselo a munthu. Maselo a munthu aja anawerenga RNA inali m'katimo n'kuyamba kupanga mapuloteni a mbewa. Apa m'pamene anthu anadzidzimuka kuti maselo amatumizirana mauthenga okhudza majini.

Che Msodzi: Majini?? Mnyamata iwe, usiku uno?

Wa Kukoleji: Pepani Che, si majini a kunyanja aja ayi. Ndimanena ma gene, zachibadwa zimene timatengera kwa makolo.

Che Msodzi: Uzilemba bwino. Ena tili m'bwato.

Aphunzitsi Opuma: Ndiye kuti chimene ankachiyesa dzala chinali positi ofesi. Chabwino. Koma zikukhudzana bwanji ndi mankhwala?

Anesi a Kutsidya: Apo ndilowepo ine, chifukwa vuto limene akufuna kuthetsalo ndimaliona ndi maso. Mankhwala sadziwa adiresi. Ukamwa panado chifukwa cha dzino, sapita ku dzino kokha, amazungulira thupi lonse. Kwa panado palibe kanthu. Koma tengani mankhwala a khansa otchedwa doxorubicin. Ndi ofiira ngati sobo, ukawaika mu dilipi mkodzo wa wodwala umafiira tsiku lomwelo, ndipo ukaiwala kumuuza amabwera akunjenjemera kuti akukodza magazi. Amaphadi maselo a khansa, koma panjira amathothola tsitsi, zilonda m'kamwa, ndipo choopsa kwambiri amafooketsa mtima. Madokotala amawerengera kuti munthu asapyole mlingo wakutiwakuti moyo wake wonse. Ndinasamalirapo bambo wina wa khansa ya Kaposi, miyendo yotupa yolimba ngati thabwa, ananena kuti anesi, mankhwalawa akundimenya ine m'malo momenya matendawa. Sindinamuyankhe.

Ndiye nzeru yokulunga mankhwala m'kathumba inayamba kale, timatumba topanga anthu ku fakitale totchedwa liposome. Mu 1995 ku America anavomereza Doxil, yemwe ndi doxorubicin yemweyo koma wokulungidwa, ndipo matenda oyamba amene anamuvomerezera ndi Kaposi yemweyu wa anthu amene ali ndi HIV. Mtima suvulala ngati ndi wosakulunga uja.

Wa Labu: Muwauzenso za amphotericin anesi. Imeneyo ndiye yathu yeniyeni.

Anesi a Kutsidya: Eya. Matenda oumitsa khosi aja otchedwa cryptococcal, amene amagwira anthu oti chitetezo chatsika kwambiri. Mankhwala ake akale, amphotericin, ndi achikasu, amalowa pa dilipi tsiku ndi tsiku kwa sabata, kale inali masabata awiri. Wodwala amazizidwa mpaka bedi kugwedera, mtsempha umapsa n'kutupa moti mawa lake umasowa pobaya, magazi amachepa, impso zimavulala. Umafunika kuyeza magazi pafupipafupi, ndipo si chipatala chilichonse chingathe. Kenako panachitika kafukufuku wa AMBITION ku Botswana, South Africa, Uganda, Zimbabwe ndi kuno ku Malawi, ku Blantyre ndi ku Lilongwe, anthu 844. Theka analandira amphotericin wokulungidwa mu liposome, dilipi imodzi yokha yamphamvu, kenako mapiritsi masiku 14. Patatha masabata 10, mwa olandira dilipi imodziwo anamwalira pafupifupi 25 pa 100 alionse, mwa enawo, olandira amphotericin wakale uja sabata yonse, pafupifupi 29. Zowawa za mankhwala zinachepanso. Zotsatira zinatuluka mu 2022 ndipo chaka chomwecho WHO inasintha malangizo ake. Amalawi anzathu anagona pabedi kuti dziko lonse lidziwe zimenezi.

Mai a Tadala: Ndiye kuti timatumbati timagwira ntchito? Mwayamba kundisokoneza tsopano.

Wa Kukoleji: Mayi, tisiyanitse. Timene anena anesi ndi topanga ku fakitale, tinayesedwa pa anthu n'kuvomerezedwa. Katemera wa COVID wa Pfizer ndi Moderna nayenso ndi RNA yokulungidwa m'timibulu ta mafuta. Exosome ndi thumba losokedwa ndi selo lenilenilo. Akatswiri akuti bwanji tibwereke thumba la selo m'malo mosoka lathu, poti thupi limalidziwa kale, ndipo kunja kwake kuli mapuloteni amene tingawasinthe kuti akhale adiresi. Nkhani imene inachititsa aliyense kutembenuka ndi ya ku Oxford mu 2011, mu labu ya Matthew Wood. Ubongo uli ndi mpanda wake. Timitsempha ta magazi ta mu ubongo n'tomatana zolimba, moti mankhwala ambiri amangodutsa osalowa. Iwo anafunsa kuti ndani amadziwa kale njira yopita ku ubongo? Kachirombo ka chiwewe.

Achimwene a Kabaza: Aaa ayi. Ine anandilumapo galu ndikutsika ku Namwera ndi katundu, ndinayendera jakisoni mpaka ndinatopa. Ndiye wina azikandibaya chiwewe dala?

Wa Kukoleji: Ayi achimwene, kachiromboko sanakagwiritse ntchito. Anangotenga kachidutswa kakang'ono ka puloteni ya kunja kwake, kotchedwa RVG, kamene kamagwirira pa maselo a mitsempha. Zili ngati kudulitsa kiyi kwa akuba, akubawo n'kuwasiya panja. Anasintha maselo a mbewa kuti timatumba tawo tizituluka kachidutswako kali kunja, kolumikizidwa ku puloteni ya pa kathumba yotchedwa Lamp2b. M'kati anaikamo siRNA, kalata yaifupi yolamula selo kuti lisiye kupanga puloteni inayake. Anasankha BACE1, imene imakhudzana ndi matenda oiwala a Alzheimer. Anabaya mbewa mumtsempha, ndipo mu ubongo puloteniyo inatsika ndi pafupifupi 60 pa 100.

Achimwene a Kabaza: Mbewa za ku Ulaya zili ndi mwayi. Zakuno mukudziwa kumene zimathera.

Che Msodzi: Zimenezo muzikambirana nokha a kumtunda, ife sitidya.

Aphunzitsi Opuma: Tasiyani mbewazo. Iwe, 2011 ndi kale. Mwana wobadwa chaka chimenecho ali ku sekondale. Ngati zinatheka pa mbewa, mankhwalawo ali kuti? Ine ndikaona nkhani ikukhalitsa m'manyuzipepala osafika ku famase ndimayamba kukayika.

Wa Kukoleji: Mwafunsa pamene pali nkhani aphunzitsi. Vuto loyamba ndi ma rodibuloko. Ukabaya timatumba mumtsempha, tambiri timagwidwa ndi chiwindi ndi kapamba m'mphindi zochepa. M'menemo muli maselo a chitetezo amene ntchito yawo ndi kumeza chilichonse choyandama m'magazi. Ulembe adiresi bwinobwino, katundu wambiri amatsitsidwabe panjira. Gulu la Raghu Kalluri ku chipatala cha khansa cha MD Anderson, mzinda wa Houston ku America, linasonyeza mu 2017 kuti timatumba tokhala ndi puloteni ya CD47 kunja timakhalitsa m'magazi. CD47 ili ngati chiphaso chouza omezawo kuti uyu ndi wathu, musiyeni. Anaikamo siRNA yolimbana ndi gene yolakwika yotchedwa KRAS, imene imayendetsa khansa ya pancreas, ndipo mbewa zodwala zinakhalitsa ndi moyo. Pambuyo pake anayamba kuyesa pa anthu ochepa, gawo loyamba lija loona ngati chinthu sichikuvulaza.

Vuto lachiwiri ndi kulongedza. Thumba limatuluka m'selo lili lotseka kale. Kuti ulowetsemo mankhwala, ena amalimenya ndi kamagetsi kuti chikopa chiboole timauna kwa kanthawi, ena amaligwedeza ndi mafunde a phokoso. Koma zinadziwika kuti magetsi aja amaunditsanso siRNA kukhala timibulu kunja kwa thumba, woyeza n'kumasangalala kuti yalowa pomwe sinalowe.

Wa Labu: Lachitatu ndinene ine, chifukwa ndi la m'manja mwathu. Kulekanitsa timatumbati ndi zina zonse. Makina athu ozunguza magazi aja, oti timachubu timazungulira maselo n'kukhala pansi madzi achikasu pamwamba, sangakwanitse. Pamafunika ultracentrifuge, yokoka ndi mphamvu yoposa ya dziko ka 100,000, kwa ola kapena kuposa. Ukamaliza, pansi pa chubu pamatsala kadontho koti uchite kupendeketsa pa kuwala kuti ukaone. Ndipo kadonthoko si exosome yekha. Muli timibulu ta mafuta a m'magazi, muli mapuloteni oundana, ngakhale tizirombo ta mavairasi timakhala ta msinkhu womwewo. HIV ndi ma nanomita ngati 120, m'kati mwenimweni mwa msinkhu wa exosome.

Che Msodzi: Apo ndamva. Ukonde wa maso ang'onoang'ono susankha. Anyamata ena amatenga neti ya udzudzu kukakokera m'mphepete, amabwera ndi zonse, ana a chambo, achule, ndere, matope. Ukafunsa akuti tagwira usipa.

Wa Labu: Ndendende Che. Moti bungwe la akatswiri a zimenezi, ISEV, linachita kulemba malamulo mu 2014, n'kuwakonzanso mu 2018 ndi 2023, kuti munthu asamangoti ndapeza exosome asanasonyeze umboni. Amalangiza kuti ngati sukudziwa kumene kathumba kachokera m'selo, uzingoti extracellular vesicle, kutanthauza kathumba ka kunja kwa selo. Ndiye akatswiri okhala ndi makina onse akudziletsa kutchula dzinalo, koma wogulitsa walimata pa botolo ndi zilembo zikuluzikulu.

Chinanso, maselo ali ngati ng'ombe za mkaka. Ukawadyetsa mosiyana lero, mawa akutulutsa timatumba tosiyana. Fakitale imafuna botolo la Januwale lifanane ndi la Juni. Kampani ina yaikulu pa ntchitoyi, Codiak BioSciences ya ku America, inafika poyesa pa anthu koma inagwa mu 2023, ndalama zitatha.

Anesi a Kutsidya: Ndipo timatumbati amatisunga pozizira madigiri -80. Ine kumva nambala imeneyo mutu umandiwawa. Tsiku lina m'mwezi wa Novembala filiji yathu ya katemera, yongofuna madigiri 2 mpaka 8, inazima usiku. Tinanyamula katemera m'mabokosi ozizira pa njinga yamoto, ine kumbuyo bokosi pamiyendo, fumbi mpaka m'mano, kuthamangira kwa anzathu amene yawo inkagwira. Tikufika madzi oundana aja asungunuka theka. Ndiye mundiuze za -80 pansi pa mpando wa basi.

Aphunzitsi Opuma: Ndiye ine maganizo anga ndi awa, mukwiye mukwiye. Azungu akuvutika kuti mankhwala afike pa selo. Ife tikuvutika kuti afike ku Makanjira mvula ikagwa. Praziquantel wa likodzo alibe adiresi iliyonse, ndi piritsi lowawa lotsika mtengo, koma ana akukodzabe magazi m'mphepete mwa nyanja monsemu. Zanuzi ndi za anthu okhuta.

Wa Kukoleji: Pa msewu sinditsutsa aphunzitsi. Koma kuti ndi za okhuta, pamenepo ndikana mwaulemu. Amphotericin wokulungidwa uja ankaonekanso wa okhuta, lero ndi amene wachotsa masiku asanu ndi limodzi a dilipi pa chipatala chopanda anesi okwanira. Nthawi zina mankhwala anzeru ndi amene amapeputsa vuto la msewu.

Wa Labu: Komanso timatumbati tili kale m'matenda athu aphunzitsi. Selo lofiira likalowedwa ndi kachirombo ka malungo limatulutsa timatumba tambiri kuposa lathanzi. Mu 2013 akatswiri a ku Melbourne anasonyeza kuti tizirombo ta m'maselo osiyana timatumizirana uthenga kudzera m'timatumbati, ndipo uthengawo umathandiza kuti tina tisanduke mtundu umene udzudzu umayamwa n'kukapatsira wina. Taganizani, tizirombo tikukambirana m'magazi mwa mwana wanu. Ndipo kale mu 2004 kafukufuku wa ana a ku Blantyre anapeza kuti okomoka ndi malungo a mu ubongo anali ndi timatumba tambiri tochokera ku zikopa za m'kati mwa mitsempha. Ofuna kudula malungo ayenera kumvetsa makalata amenewa. Ine sindiona kuti ndi nkhani ya kutali.

Aphunzitsi Opuma: Za tizirombo kukambirana zandigwira mtima, ndivomere. Koma pa Makanjira sindinasunthe.

Achimwene a Kabaza: Funso langa ndi la bizinesi. Ngati timapezeka mumkaka, bwanji osangomwa chambiko?

Wa Kukoleji: Mukuseka koma alipo akufufuza timatumba ta mkaka wa ng'ombe, poti ndi wosasowa ndipo timapirira asidi wa m'mimba, kuti mwina mankhwala ena a jakisoni adzakhale akumwa. Ena akuyesa tochokera m'maselo ofiira a magazi a gulu O, poti maselo ofiira alibe DNA yoti ingakasokoneze wolandira. Koma thumba lopanda kanthu ndi thumba basi achimwene. Chambiko imwani chifukwa ndi chokoma.

Admin: Abale, mayi anafunsa za maondo. Tafika ku Melbourne, tabwerera ku chambiko. Wina awayankhe molunjika.

Anesi a Kutsidya: Ndiyankhe ine. Achemwali, bungwe loona za mankhwala ku America, FDA, silinavomereze mankhwala a exosome ngakhale amodzi, kaya a maondo, a tsitsi kapena a nkhope. Mu Disembala 2019 linachita kutulutsa chenjezo anthu ena ku Nebraska atadwala kwambiri chifukwa chobayidwa zinthu zogulitsidwa ndi dzina limeneli. Kumeneko n'koti anabayidwa m'kiliniki, osati botolo loyenda masiku atatu. Ndipo bondo ndi malo oopsa kubayamo chinthu chosadziwika. Tizirombo tikalowa m'mfundo, bondo limatupa, kutentha, mafinya, m'masiku ochepa chichereŵechereŵe chadyeka. Mayi akuyenda mopuma kawiri lero akhoza kusiyiratu kuyenda. Chikomekome cha mkuyu achemwali.

Wa Kukoleji: Ndiwonjezere pang'ono mayi. Kafukufuku wa exosome pa nyamakazi alipodi, makamaka pa nyama, pogwiritsa ntchito timatumba ta maselo a stem, aja otha kusanduka mitundu ina ya maselo. Ogulitsa amatola dzina pamenepo. Mufunseni msuweni wanu zinthu izi: timatumbato tachokera m'maselo a ndani, anayezedwa matenda anji, ndipo botololo lili ndi nambala yolembetsera ku SAHPRA, bungwe loona za mankhwala ku South Africa? Kuno kwathu mankhwala olowa m'dziko amayenera kudziwika ku PMRA, bungwe lathu loona za mankhwala. Munthu akamayesedwa mankhwala atsopano mu kafukufuku weniweni salipira, amasayina chikalata atamufotokozera zonse, ndipo amamutsatira.

Mai a Tadala: Ndamutumizira mafunsowo pompano. Wawerenga, timizere tasanduka tabuluu, koma sanayankhe.

Che Msodzi: Mpatseni nthawi, mwina nayenso anangouzidwa. Anyamata athu kumeneko amafuna kuthandiza makolo, akuba amadziwa zimenezo.

Mai a Tadala: Wayankha. Akuti wogulitsayo wati pa botolo palibe nambala chifukwa ndi zochokera kunja, ndipo akuti tifulumire atsala anayi okha. Msuweni wangayo wati nayenso wayamba kukayika.

Wa Labu: Atsala anayi okha kuyambira chaka chatha ameneyo.

Anesi a Kutsidya: Muuzeni ndalama imene amati awonjezere atumize kuno. Mupite nawo mayi kuchipatala cha boma akawaone bwinobwino, chifukwa si bondo lililonse lopweteka lili ndi nyamakazi ya ukalamba, ndipo mufunse a fizio. Pali masewero olimbitsa minofu ya ntchafu amene amachepetsa ululu kuposa mmene anthu amaganizira, amachita atakhala pampando pakhonde. Ndodo agwirire dzanja la mbali imene bondo lili bwinoko, ambiri amalakwitsa pamenepa. Ndipo ngati akumwa brufen kapena indocid tsiku ndi tsiku ogula pa golosale, mukanene, amakanda m'mimba ndi kuononga impso mwa achikulire.

Mai a Tadala: Indocid ndiye amamwa ngati mtedza. Iii, sindimadziwa. Mbuzi zapulumuka. Tipita Lachiwiri m'mawa dzuwa lisanakwere.

Achimwene a Kabaza: Lachiwiri ndili pa siteji ya pamlatho kuyambira 6 koloko. Mayi ndiwatenga ine, pampando ndiikapo pilo. Inu achemwali mukwere ya mnzanga, koma imeneyo mulipira.